Mng'alu wa Kuseri kwa Nyumba

1. Chitseko cha kalipentala

M'mawa wa tsiku la ulendo, Tsabola anadzutsidwa ndi phokoso la puleni. Atatuluka anapeza bambo ake atazula chitseko cha kuchipinda kwa ana, atachigoneka pa mipando iwiri, akuchipala m'mphepete. Utuchi unali mbwee pabalaza ponse.

Mtsikanayu anali mu Fomu 3. Dzina loti Tsabola anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa cha pakamwa pake: ukamuputa ankakuyankha mawu oti ukamwere madzi. Ngakhale makolo ake anafika polizolowera dzinalo.

"Chayambanso, bambo?" anafunsa.

"Chayambanso," anayankha bambowo osadzutsa mutu. "Ndakhoma zitseko tauni yonseyi, palibe anabwerapo kudzadandaula. Koma changa chomwe ndiye chikufuna kundichotsa ulemu. Ndi chinyezi cha mvulayi."

"Mukapitiriza kuchipala chisanduka zenera," anatero mayi ake ali kukhitchini.

Nyumbayo inali pamwamba penipeni pa mtsetse wa phiri loyang'anizana ndi tauni. Bambo ake a Tsabola anali kalipentala, ndipo anaimanga okha pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chinacho. Njerwa ankachita kusenza pamutu iwo ndi akazi awo kuchokera kumsewu, poti galimoto sinkafika kumeneko. Ukakhala pakhonde unkaona madenga a anansi ali ndandanda kutsetsereka mpaka kumsika.

Tsikulo ana a Fomu 3 ankapita kukaphunzira za miyala ndi katswiri wochokera ku ofesi ya boma yoona za miyala ndi nthaka. Tsabola atanyamula chikwama chake, bambo ake anaika puleni pansi.

"Takhala kaye pansi, mwanawe," anatero. "Ukupita ndi anthu a boma, ndipo pakamwa pako ndimapadziwa, ndiye undimvetse bwino. Chaka chathachi kunabwera ena ndi mapepala awo, akuti anthu a kuphiri kuno tisamuke. Kopita sanatiuze. Anangotiloza ndi chala ngati akuwerenga mbuzi. Ife tinakana, iwo anatopa, nkhani inazilala. Tsono iwe ukaone miyala yawoyo, ukalembe zimene akakuuze, udzakhoze mayeso. Koma za pakhomo pano usakatchule. Akakufunsa kumene umakhala, ukangoti kumtunda. Nyumba ino ndi thukuta la amayi ako ndi ine, ndipo tilibe ina. Munthu saitanira moto padenga lake."

"Ndamva, bambo."

Tsabola anasisita mutu wa Mzime, kamlongo kake kamene kanali kasanayambe sukulu. Kanali kakugonabe pa kabedi kake ka kukhoma lakumbuyo. Kenako anauyamba wotsetsereka.

2. Mayi a Miyala

Kusukulu basi inali itafika kale. Aphunzitsi a jogalafe, amene ana ankawatchula kuti a Mapu chifukwa sankayenda opanda mapu m'khwapa, ankakweza ana mmodzimmodzi. Tsabola anakhala ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Wailesi, mtsikana amene sankasunga nkhani mpaka dzuwa kulowa.

"Ndamva kuti katswiriyo ndi bambo wa taye, wa mimba yake," anatero Wailesi.

Koma amene anakwera m'basimo anali mayi wamfupi, wa imvi za apo ndi apo. Anavala jombo zamatope ndi thalauza la matumba ambiri. M'chiuno munali hamala, ndipo m'khosi munkalendewera kagalasi pa chingwe. Anyamata a kumbuyo anayamba kutsinana.

"Mukuseka jombo zanga?" anafunsa mayiwo akumwetulira. "Sekani pano. Madzulo muzisirira."

Basi isanatuluke n'komwe pageti, Wailesi anali atawapatsa kale dzina: Mayi a Miyala.

Malo oyamba kuima anali pamene msewu unadula chitunda pakati. Mbali zonse ziwiri kunali makoma ataliatali a miyala. Mayi a Miyala anagawira aliyense chipewa cholimba, ndipo sanalole munthu kuyandikira khomalo asanachivale.

"Tandiwerengereni khoma ili," anatero.

"Ndi miyala basi, madamu," anayankha mnyamata wina.

"Ngakhale buku, kwa mbuzi ndi pepala basi. Yang'anitsitsa."

Ana anaseka, kenako anayang'anitsitsa. Khomalo linali ndi mizere yosanjikizana ngati mabulangete opindidwa: wofiira, wotuwa, woyera, wofiiranso. Mayiwo anakwera pang'ono mwachangu ngati mtsikana, n'kuzula kamwala pa mzere wina umene unali pamwamba pa mitu ya anawo. Kanali kobulungira, kosalala ngati dzira.

"Mwala wotere mumaupeza kuti?"

"Mumtsinje," anayankha Tsabola.

"Wakhoza. Nanga mtsinje uli kuti pano?"

Onse anayang'ana uku ndi uku. Kunali msewu, udzu ndi dzuwa basi.

"Ndiye kuti unalipo kale," anatero Tsabola pang'onopang'ono.

"Unalipo. Unkayenda pamwamba pa mitu yanuyi, kusanabadwe munthu woti atunge madzi ake. Unauma, dothi lina linaufotsera, papita zaka zoti simungaziwerenge. Koma unasiya nsangalabwi zake kuti zitiuze."

Anyamata aja anaiwala za jombo.

Kenako mayiwo anatola mwala wina wotuwa, wosaoneka bwino, n'kuumenya kamodzi kokha ndi hamala. Unasweka pakati. Anavula kagalasi kaja n'kupatsa Tsabola. Atasuzumira anaona m'kati mwa mwalawo muli timadontho tonyezimira, tina ngati shuga, tina ngati tizidutswa ta galasi, tina takuda bii, tonse titalumana bwinobwino ngati tinachita kukhomedwa ndi mmisiri.

"Miyala yonse imakhala chonchi m'kati?" anafunsa.

"Uliwonse uli ndi nkhope yake. Ukaidziwa umauza okumba mijigo pamene pali madzi, ndipo umauza omanga milatho pamene sipangatitimire. Ntchito yanga ndi kumvetsera nthaka, kenako n'kuuza anthu zimene yanena."

Tsabola anachedwa kubweza kagalasiko. Wailesi anamugunda ndi chigongono. "Iwe, wapeza amayi ako ena."

3. Pamene phiri linatsika

Dzuwa litapendeka pang'ono, basi inaima m'chigwa china patsinde pa phiri. Phirilo linali ndi chipsera chachikulu chofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati wina analipala ndi chikhasu. M'munsi munali miyala ikuluikulu, ina yaikulu ngati basi yawoyo. Pakati pa udzu panali simenti ya pansi pa nyumba, ndi masitepe olowera pakhomo pamene panalibenso khomo.

Mayi a Miyala anavula chipewa. Ana nawonso anavula osauzidwa.

"Pano panali nyumba za anthu," anayamba mayiwo. "Mvula inagwa masiku angapo osaleka, ndipo dothi lonse la pamtsetse apo linatsika nthawi imodzi. Ine ndinali m'gulu la amene anabwera kudzathandiza. Sindikuuzani zonse zimene ndinaona. Ndikuuzani zimene opulumuka anandiuza, chifukwa ndi zimene zingakuthandizeni.

"Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. N'zoona pa zinthu zambiri, koma phiri limaimba. Limayamba ndi ng'oma yaing'ono. Pansi pamachita mng'alu, munthu n'kuukwirira, mawa wabweranso. Madzi amayamba kutuluka pamene sipanakhalepo kasupe, nthawi zina amatope. Mitengo ndi mapolo a magetsi zimapendekeka ngati zaledzera. Zitseko ndi mazenera zimene zinkatsekeka bwinobwino zimayamba kulimba. Mayi wina pano anandiuza kuti anaitanapo mmisiri kangapo kudzakonza chitseko, osadziwa kuti nyumba yonse ikuyenda.

"Mukaona chimodzi mwa zimenezi, mwina si kanthu. Mukaona ziwiri, funsani. Mukaona zonse pa malo amodzi m'nyengo ya mvula, musadikire kuti mutsimikize. Anthu a pano sanali opusa. Anali anthu olimbikira, okonda nyumba zawo ngati mmene makolo anu amakondera zawo. Pakadafunda padajiwitsa. Nyumba imamangidwanso, ana inu, koma sindinaonepo munthu akumangidwanso."

Ana ankalemba. Cholembera cha Tsabola chinali chitaima.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mng'alu umene bambo ake ankaukwirira ndi dothi Loweruka lililonse. Patsinde pa khoma lakumbuyo, kumene Mzime ankagona, panayamba kutuluka madzi mwezi wathawu, ndipo mayi ake anakumba kangalande koti azidutsamo. Mtengo wa mapeyala unali utaweramira kudenga. Nanga chitseko?

"Mafunso?" anatero a Mapu. Anayang'ana mwana amene ankawatopetsa ndi mafunso tsiku ndi tsiku. "Tsabola, lero wadwala?"

Ana anaseka pang'ono.

"Ndilibe funso, aphunzitsi," anayankha akuyang'ana pansi.

4. Funso la mnzake

Nthawi ya chakudya, ana anamwazikana m'mithunzi. Tsabola anakhala payekha, buledi ali m'manja, osamuluma. Wailesi, amene ankafika kwawo kawirikawiri, anabwera n'kukhala pambali pake.

"Akunena kwanu kuja," ananong'ona.

"Tseka pakamwa."

"Ndatseka. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, sindiuza munthu. Nkhani ndi yako." Kenako analoza ndi mlomo kumene anachokera. "Koma taona uko."

Kumbali ya tauni mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda m'munsi.

"Bambo anandiletsa," anatero Tsabola. "Akuti ndikanena atigwetsera nyumba."

"Ndiye utani?"

Tsabola anaika buledi uja pa miyendo ya Wailesi n'kuimirira.

Mayi a Miyala anali atakhala pa mwala, akusenda nthochi. Atamuona anasendera kuti akhale.

"Madamu, pali mnzanga wina," anayamba Tsabola. "Kwawo kuli mng'alu kuseri kwa nyumba. Ndiye amafuna adziwe ngati..."

"Mng'aluwo ukuyenda motsetsereka, kapena mopingasa phiri?"

"Mopingasa."

"Madzi?"

"Akutuluka patsinde pa khoma."

"Zitseko?"

"Chimodzi chikulimba. Akachipala chimalimbanso."

Mayiwo anasiya kusenda nthochi ija. Anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, koma sanamufunse dzina la mnzakeyo.

"Mukati mukaone, nyumbayo a boma adzaigwetsa?" anafunsa Tsabola.

"Ndikuyankha ngati munthu wamkulu, chifukwa funso lako ndi la akuluakulu," anatero mayiwo. "Sindingakulonjeze kuti nyumbayo idzatsala. Ndikapita n'kupeza kuti palibe choopsa, ndidzanena choncho, ndipo anthuwo adzagona tulo. Ndikapeza kuti chilipo, sindidzabisa. Ndidzauza eni nyumba, anansi awo ndi akuluakulu anga. Mwina makolo a mnzakoyo adzamukwiyira. Mwina anansi adzamunena. Zimenezo ndaziona, ndipo sindingakunamize kuti n'zopepuka. Chimene ndingalonjeze n'chakuti ndidzalowa pakhomopo mwaulemu, ndipo sindidzawasiya anthuwo panjira ngati katundu. Tsono ganiza bwino usanandiuze kumene mnzakoyo amakhala."

Tsabola anayang'ana masitepe aja a m'udzu. Panali patamera kamtengo pamene panali balaza.

"Si mnzanga, madamu," anatero. "Ndi kwathu. Kukhoma limenelo kumagona mlongo wanga."

Mayi a Miyala anaimirira, n'kuvala chipewa chawo. "Aphunzitsi," anaitana, "sonkhanitsani ana. Malo achitatu tidzapita tsiku lina."

5. Matabwa awiri

Basi itatula ana kusukulu, anthu atatu anayamba kukwera phiri: Tsabola patsogolo, Mayi a Miyala pakati, a Mapu pambuyo akupuma mwawefuwefu. Nsapato za aphunzitsiwo zinkaterereka m'matope. Mayiwo ankakwera osatopa, akuima apa ndi apo kuyang'ana ngalande ndi makoma a nyumba. Anthu ankasuzumira m'mazenera.

Bambo ake a Tsabola anali mu shedi yawo pambali pa nyumba. Anaona jombo, anaona hamala, kenako anayang'ana mwana wawo kamodzi kokha. Kwa Tsabola bola akanamukalipira.

Mayi a Miyala anavula chipewa, anapereka moni, n'kukhala pa kabenchi ka utuchi osakapukuta.

"Bambo, sindinabwere ndi mapepala," anatero. "Ndabwera ndi maso okha. Pakhomo pano ndi panu. Mukati ndibwerere, ndikanena kwa akuluakulu anga kuti sindinaone, ndipo adzabwera ena. Koma ndikadakonda kuti tione limodzi, inu ndi ine, mvula iyi isanafike."

Mayi ake a Tsabola, amene anaima pakhomo atagwira Mzime dzanja, ndi amene anayankhula.

"Abambo, alekeni aone. Kuona sikugwetsa nyumba."

Kalipentala uja anapukuta manja n'kutsogolera kuseri.

Mayi a Miyala anagwada m'matope n'kuyamba kupalasa ndi hamala dothi limene linakwiriridwa. Mng'alu unaonekera, woti dzanja n'kulowa. Anapempha kathabwa kakatali kopyapyala n'kukalowetsa. Kanalowa konse osagunda pansi.

Anautsatira mng'aluwo m'udzu. Sunathere pa puloti yawo. Unapitirira, ukukhota ngati uta, pamwamba pa nyumba zambiri za anansi. Malo ena mbali ya kumunsi inali itatsika, moti panali ngati sitepe.

Atabwerera pamene pankatuluka madzi, anakumba ndi manja n'kutulutsa dongo lotuwa, loterera ngati sopo.

"Bambo, tandibwerekeni matabwa awiri."

Anatsamiritsa thabwa limodzi pa benchi mopendekeka, n'kusanjika linzake pamwamba. Linakhala osasuntha. Analichotsa, anapaka dongo lonyowa lija pa thabwa la pansi, n'kusanjikanso. Thabwa la pamwamba linaima kanthawi, linayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako linatsetsereka n'kukamenya pansi kuti khu.

"La pansili ndi mwala wa phiri," anatero. "La pamwambali ndi dothi limene nyumba zanu zakhalapo. Dongo ili lili pakati. Mvula ikalowa mu mng'alu uja, imafika pa dongoli."

Bambowo anatola thabwa lija. Analisanjika okha, analiona likutsetsereka. Analisanjikanso. Kenako analowa mu shedi, anatenga sikweya yawo yoyezera ngodya, n'kupita pakhomo la chipinda cha ana. Anaiika pa ngodya ya felemu. Panatsala mpata woti chala n'kulowa.

"Felemu iyi ndinaikhoma ndekha," anatero motsitsa mawu. "Inali yowongoka."

"Ndikukhulupirira. Ndaona mipando yanu mu shedi umo, ndi ntchito ya mmisiri weniweni. Chitseko chanu chilibe mlandu, bambo. Nyumba ndi imene yapendekeka."

"Phirili ligwa liti?"

"Sindikudziwa. Mwina lero, mwina chaka chamawa. Amene angakuuzeni tsiku ndi wabodza. Koma ndi mvula ikubwerayi, mwana wanga sindingamugoneke pano."

Mayiwo anatulutsa foni n'kuimbira akuluakulu a ku ofesi kwawo, kenako oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Sanakweze mawu, koma sanalole kuti awauze za mawa. A Mapu nawonso anaimbira aphunzitsi aakulu kupempha holo ya sukulu kuti anthu akagonemo, ndipo anavomera.

"Magalimoto abwera, koma atenga nthawi," anatero Mayi a Miyala. "Ine ndiyenera kuutsatira mng'aluwu mpaka kumene wathera, kuti tidziwe nyumba zimene zili pansi pake. Anthu ayenera kuyamba kumva panopa. Ndipo mlendo wa jombo sangamumvere msanga ngati mmene angamvere mnansi wawo."

Ananyamula zikhomo ndi chingwe zoikira malire a mng'aluwo, n'kulowa m'udzu okha, mphepo ikuwomba malaya awo.

6. Khomo loyamba

M'nyumba mayi ake a Tsabola anayamba kumanga mabulangete ndi mapoto mu nsalu. Mzime ankathamangitsa nkhuku kuti aziike m'dengu. A Mapu anavula jekete n'kuyamba kutulutsa matiresi.

Bambo anamuitanira Tsabola mu shedi. Kwa kanthawi ankangolongedza matchizulo m'bokosi, osamuyang'ana.

"Ndinakuuza chiyani m'mawa?"

"Munati ndisatchule za pakhomo."

"Ndiye unatani?"

"Ndinatchula, bambo."

Anatseka bokosi lija n'kukhalapo.

"Ndakwiya, sindikubisira," anatero. "Mtima ukundiwawa ngati andizula dzino. Njerwa iliyonse ya nyumba iyi ndimaidziwa, ndipo sindikudziwa ngati ndidzagonamonso. Usaganizenso kuti kuyambira lero mawu a makolo ndi oti uzisankha, awa ndimvera, awa nditaya. Ana ambiri aonongeka ndi nzeru imeneyo. Koma pali nthawi imene kholo limayankhula ndi mantha, mwana n'kuona chimene kholo likukana kuona. Nthawi imeneyo mwana akakhala chete sanamvere, wangoopa. Iwe sunapite kumsika kukalalika. Unapita kwa munthu wodziwa, ndipo wabwera naye pakhomo masana, ine ndikuona. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Sindinkadziwa kuti angakhale mwana wako yemwe."

Tsabola anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mayi aja," anapitiriza bambowo akuyang'ana kumtunda, kumene kachipewa koyera kankaoneka ndi kubisika m'udzu, "agwada m'matope a kuseri kwa nyumba yanga ngati ndi kwawo. Sanandiloze ndi chala. Sukulu yotere ndiye sukulu. Ngati ndi imeneyo ukuifuna, uilimbikire."

"Ndi imeneyo, bambo."

"Chabwino. Koma usaganize kuti wamaliza. Mawu ukawatulutsa umawaperekeza. Pansi apa pali anthu amene sakudziwa kanthu, ndipo si onse amene akuthokoze. Nyamula matabwa awiriwo. Ine nditenga dongo."

Anatsika limodzi m'kanjira ka matope. Madontho oyamba anali atayamba kugunda pa malata, limodzilimodzi.

Khomo loyamba linali la a Tcheya, mkulu wa deralo amene anagulitsa mapuloti onse a pamtsetsewo, ndipo ndi amene anatsogolera anthu pothamangitsa a boma aja chaka chatha. Nyumba yawo inali yaikulu, ya mpanda wa njerwa, ndipo inali pansi penipeni pa mng'alu uja.

Sipanafunike kugogoda. A Tcheya anali ataima kale pageti, manja atapinda pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunali amuna angapo ndi amayi a ana kumsana, onse nkhope zili gwa.

"Akalipentala," anatero a Tcheya, "tamva kuti mwana wanu watiitanira alendo kuphiri kuno. Inu khalani kaye chete. Abwere kutsogolo kuno anene yekha."

Bambowo anaika dzanja paphewa pa mwana wawo, ndipo sanalichotse. Tsabola anatsamiritsa thabwa loyamba pa mpanda wa a Tcheya.